Azakhali ayankha funso la "little" ndi "a little"

Moni nonse pa gulupu pano. Mwana wanga, uthenga wako ndinauona m'mawa koma ndinali pa ntchito, foni inali m'chikwama. Ndiye ndati ndingolankhula, chifukwa kulemba kunditengera nthawi, maso atopa. Kwa amene simunawerenge, mwanayu akuti dzulo analemba m'buku la agogo amene akuwasamalira ku Leeds kuja, ku England, kuti "she drank little water". Wamkulu wa shifiti atawerenga anabwera msangamsanga kudzafunsa ngati agogowo akudwala, pomwe iyeyu amatanthauza kuti madziwo anamwako ndithu. Ndiye akufunsa kuti analakwitsa pati, komanso kuti "few" ndi "a few" zimasiyana bwanji.

Mwana wanga, usadandaule, chinasowa ndi kachilembo kamodzi kokha, ka "a" kaja. Ukanena kuti "she drank a little water", anthu akuno amamva kuti agogo amwako, si ambiri ayi, koma amwa, mtima ukhale m'malo. Ukangochotsa "a" uja n'kunena kuti "she drank little water", amamva kuti sanamwe mokwanira, mwina angonyowetsa milomo basi. Madzi a m'kapumo ndi omwewo, koma chiganizo china chikuyamikira, chinacho chikudandaula. Wamkulu wakoyo anamva dandaulo, n'chifukwa chake anathamanga. Ndipo anachita bwino kuthamanga, chifukwa munthu wokalamba akasowa madzi m'thupi sachedwa kufooka ndi kusokonezeka mutu.

Tsono ndikufuna umvetse kuti zimenezi si zachilendo, ifenso tili nazo kwathu. Taganiza amayi ako abwera kuchokera ku msonkhano wa amvano, iwe n'kuwafunsa kuti kunali bwanji. Akati "kunabwera anthu angapo ndithu", ukudziwa kuti zinayenda. Akati "aaa, kunabwera anthu ochepa", ukudziwa kuti akhumudwa. Mwina anthuwo anali asanu ndi awiri konsekonse, chimene chasintha ndi mtima wa wonenayo. Ndiye "a few people" ndi anthu angapo aja, "few people" ndi anthu ochepa aja. Ukamakayika, uziyamba wadzifunsa m'Chichewa kuti kodi ndikufuna kunena kuti zilipoko, kapena kuti zaperewera? Ngati zilipoko, ika "a". Ngati zaperewera, usiye. Wamva?

Pali kena kamene kamasokoneza. Ukaika "only" kutsogolo, monga "only a few people came", dandaulo lija labwereranso ngakhale "a" alipo, zili ngati kunena kuti anthu angapo chabe. Ndiye palinso "quite a few". Ameneyu ndiye uchenjere naye, chifukwa satanthauza zochepa ayi, amatanthauza zambiri ndithu. Wina akakuuza kuti "she's had quite a few falls this year", akukuuza kuti agogowo agwa kambirimbiri chaka chino, uziwayang'anira akamadzuka pampando.

Za nthawi yogwiritsa ntchito "few" ndi nthawi ya "little" n'zosavuta. "Few" amayenda ndi zinthu zowerengeka: mazira, mabisiketi, masiku, anthu. "Little" amayenda ndi zosawerengeka: madzi, mkaka, shuga, mpunga, nthawi. Pomwe ife timapunthwa ndi pa zinthu zimene kwathu timaziwerenga koma m'Chingerezi saziwerenga. Ife timati malangizo, ndiye pakamwa pamafuna kunena "advices", koma iwo amati "a little advice" kapena "a piece of advice". Chimodzimodzi "information", "furniture", "luggage", saika "s" kumapeto. Ngakhale ndalama, tangoganiza, chinthu chimene aliyense amawerenga usiku ndi usana, mawu akuti "money" sawerengeka. Amati "a little money", koma "a few pounds". Buledinso, ndi "a slice of bread" kapena "two slices", osati "two breads".

Koma kunena zoona, pa kulankhula kwa tsiku ndi tsiku mawu amene uziwamva kwambiri ndi "a bit". Ali paliponse. "A bit of toast", "a bit cold", "wait a bit". Ndi pang'ono wathu uja ndendende, amalowa pa chakudya, pa nyengo, pa nthawi. Ukadzapita ku Scotland udzamva "a wee bit", ndi zomwezo. Ndiye apa ndi pomwe ndikufuna utchere khutu, chifukwa ndakhala ndi anthu okalamba akuno zaka zambiri. Iwowa sakonda kukuza zinthu. Agogo akakuuza kuti "I'm a bit sore" kapena "I feel a bit poorly", usamve ngati akuti kaululu kakang'ono. Nthawi zambiri zikupweteka kwambiri, kungoti sakufuna kukuvutitsa. Ukukumbuka malemu agogo ako, tikawafunsa kuti mwadzuka bwanji ankati "pang'ono", pomwe usiku wonse sanagone? Ndi mtima womwewo. Ine ndinasamalirako bambo wina amene ankangoti "a bit of pain" m'mimba, ndipo titawaunikitsa zinapezeka kuti ndi zofunika kuchipatala tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo ndikamva "a bit" pa nkhani ya ululu ndimakhala pansi n'kufunsa bwinobwino: pakupweteka pati, zayamba liti, kuyambira 1 mpaka 10 mungati ululuwo uli pa nambala yanji. Ngakhale abwana akati "we have a bit of a problem", dziwa kuti nkhani ilipo, si yaing'ono.

"A couple" kwenikweni ndi ziwiri. "A couple of biscuits", pereka awiri, sulakwa. Koma pa nthawi amangonena, "a couple of minutes" akhoza kukhala mphindi zisanu, ngati mmene ife timanenera kuti ndikubwera pompano. "Several" ndi zoposa pamenepo, koma osafika pa zambiri. "Half a dozen" ndi 6, poti "dozen" ndi 12. "Hardly any" ndiye kuti pafupifupi palibe, monga "she ate hardly any lunch", amenewo ndi mawu ofunika kuwafikitsa kwa nesi.

Pa tiyi, poti uziphika tiyi kangapo pa tsiku, akati "just a drop of milk" kapena "a splash", sakunena dontho limodzi lenileni, akuti timkaka pang'ono tongosintha mtundu. "A pinch of salt" ndi kamchere kotsina ndi zala, monga timachitira pothira m'ndiwo. "A handful" ndi kodzaza dzanja, ngati mtedza wotapa kamodzi. "A sip" ndi kumwako kamodzi kokha. Waona kuti ife timangoika ka kapena ti kutsogolo, kamchere, timadzi, tiufa, nkhani yatha. Iwo alibe njira imeneyo, ndiye chinthu chilichonse anachipezera mawu akeake. Ndi mawu oti uziwatola mmodzimmodzi ukamawamva, osadzipanikiza kuloweza onse tsiku limodzi.

Tsono chachikulu ndi ichi, mwana wanga. Mawu onsewa ndi a pakamwa. M'buku la odwala lemba nambala. Usalembe "a little water", lemba kuti 100 ml kapena 150 ml, malinga ndi kapu imene mumagwiritsa ntchito, ndipo funsa anzako kuti kapu ya pamalo panupo imalowa zingati. Malangizo a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo ku UK, amati munthu azimwa makapu 6 mpaka 8 a zakumwa pa tsiku, ndiye amene akubwera shifiti ya usiku afuna awonkhetse aone ngati agogo afikapo. "A little" sangamuwonkhetse. Pa mankhwala ndiye osayerekeza n'komwe. Wina akati "give her a little", funsa kuti zingati, ndipo uone zimene zalembedwa pa tchati. Kasupuni ka mankhwala ndi 5 ml, supuni yaikulu ndi 15 ml, kusiyana kwake ndi katatu. Kufunsa si manyazi, amene amadziwa ntchito amakulemekeza ukafunsa.

Iwenso mwana wa achimwene amene ukulemba MSCE chaka chino, ndikudziwa ukumvetsera. Za "few" ndi "a few" uzigwire bwino, aphunzitsi amakonda kuzifunsa. Koma "a bit" ndi "a couple of" usaziike m'chimangirizo kapena m'kalata yofunsira ntchito, ndi mawu ochezera. Pamenepo lemba "a little", "a few" kapena "some".

Mawa ukafika pa ntchito, pita kwa wamkulu uja ukamuuze kuti "I meant a little, about half a cup", kenako umufunse mmene amakonzera zolembedwa m'bukumo, osangofufuta wekha. Ukaweruka undiimbire undiuze mmene zayendera. Alamu, mankhwala a amayi aja ndatumiza ndalama yake Lachiwiri, mundiuze ngati yafika. Mugone bwino nonse.