Za mnofu wa nsomba za sturgeon zowetedwa

Mwafunsa ngati pali mtundu wa sturgeon yowetedwa (nsomba yaikulu imene imadziwika chifukwa cha mazira ake odyedwa) umene umaposa ina pa michere yomanga thupi ndi kuchuluka kwa mnofu. Ine ndikuona kuti mtundu si umene umalamulira kwambiri, koma chakudya chimene nsombayo yakhala ikudya, msinkhu wake, ndiponso ngati ndi yaimuna kapena yaikazi.

Ku China, kumene amaweta zochuluka kuposa dziko lina lililonse, ku Italy, ku France, ngakhalenso pa nyanja ya Mantasoa ku Madagascar, alimi ambiri amasunga nsombazi chifukwa cha mazira ake odula aja otchedwa caviar. Zikafika zaka 3 kapena 4 amaziunika m'mimba ndi makina a ultrasound kuti adziwe zazimuna ndi zazikazi, ndipo zazimuna amazigulitsa ngati ndiwo, pamene zazikazi amazidyetsabe mpaka zikhwime mazira, zomwe kwa mtundu wa Siberian sturgeon zimatenga zaka pafupifupi 7 koma kwa mtundu wa beluga zimatha kupitirira zaka 15. Yaikazi imene yachotsedwa mazira mnofu wake sukhala wonona ngati wa yaimuna yaing'ono, popeza mphamvu zambiri zapita m'mazirawo, choncho wogula ayenera kufunsa kuti akumugulitsa iti.

Magalamu 100 a mnofu wosaphika amakhala ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 16 komanso vitamini B12. Koma mafuta a omega-3, amene anthu amawatamandira, amatsatira chakudya. Mlimi akachepetsa mafuta a nsomba m'chakudyacho n'kuthiramo a soya pofuna kupulumutsa ndalama, omega-3 amatsika, kaya nsombayo ndi ya mtundu wanji.

Pa kuchuluka kwa mnofu musayembekezere zambiri. Mutu wake ndi waukulu, khungu ndi lochindikala lokhala ndi mizere isanu ya mamba olimba ngati mafupa, moti mukachotsa zonsezi pamodzi ndi matumbo, mnofu wotsala nthawi zambiri sufika theka la kulemera kwa nsombayo. Ubwino wake ndi woti mafupa ake ambiri ndi ofewa ndipo mnofuwo ulibe minga, kotero mwana amadya mopanda mantha.

Posenda, chotsani mafuta achikasu okhala pansi pa khungu chifukwa amanunkhitsa ndiwo, ndipo funsani ngati nsombayo inasungidwa m'madzi oyera osadyetsedwa isanaphedwe, popeza imeneyo ndiyo njira yochotsera fungo la matope.