Magazi ndi amodzi, koma muyeso wake suli umodzi

Wophunzira unamwino wa kuno ku Chipata wanditumizira imelo. Akufufuza za kuchepa kwa magazi pa kiliniki ina, ndipo aphunzitsi ake amubwezera pepala kuti awerenge amuna paokha, akazi paokha. Akufunsa kuti: "Kodi magazi si amodzi? Komanso amunawo ndawapeza ochepa kwambiri."

Mng'ono wanga, aphunzitsi anu sanalakwe. Yambani ndi muyeso umene uli m'manja mwanuwo. Bungwe la WHO limati mwamuna wachepa magazi Hb (chofiira chonyamula mpweya m'magazi) ikatsika pansi pa 13, mkazi pansi pa 12, wapakati pansi pa 11 m'miyezi yoyambirira. Bambo wa 12.5 ngwochepa magazi, mayi wa 12.5 ali bwinobwino. Mukawaunjika pamodzi n'kutenga avareji, nambala yotulukayo siinena za aliyense mwa awiriwo.

Si inu woyamba kugwa m'mbuna imeneyi. Mankhwala a thalidomide, amene amayi apakati ankamwa, atalumalitsa makanda ambiri, bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America mu 1977 linachotsa akazi a msinkhu wobereka m'magawo oyamba oyesera mankhwala. Cholinga chinali kuteteza, koma mapeto ake akazi anamwa mankhwala oyezedwa pa matupi a amuna. Lamulo lowabwezeramo linadza mu 1993. Mu 2013 a FDA anachita kudula pakati mlingo wa zolpidem, mankhwala ogonetsa, kwa akazi, chifukwa ankadzuka mankhwalawo akali m'magazi. Mu 2016 bungwe la NIH, lothandiza kafukufuku wa zaumoyo ku America, linayamba kufunsa ngakhale wofufuza mbewa: zazimuna kapena zazikazi?

Ife amene tinagawa ma ARV zaka zija sitiiwala nevirapine. Chiwindi cha mkazi chinkakhala pangozi CD4 (chiwerengero cha asilikali a m'thupi) ikapitirira 250, cha mwamuna ikapitirira 400. Piritsi limodzi lomwelo.

Koma za kuchepa kwa amuna ndi nkhani ina, imeneyo si ya thupi. Ndi khalidwe lathu: abambo amafika kuchipatala atachita kunyamulidwa. Osasakaniza ziwirizi polemba. Ngati komiti yoona za malamulo a kafukufuku ivomereza, atsateni abambowo ku msika wa Kapata ndi pamene oyendetsa njinga amadikirira makasitomala. Zikakanika, lembani mosabisa kuti zomwe mwapeza zikunena kwambiri za akazi.

Ndipo pa fomu yanu onjezani mizere itatu: ali ndi pakati, akuyamwitsa, amasambabe kapena anasiya. Agogo a zaka 60 ndi mtsikana wa 19 onse mwalemba "F", kutanthauza mkazi.