Achemwali, masikiyo isachoke chifukwa choti thupi lapepuka

Pepani ndi matendawo achemwali, ndipo tithokoze kuti mukupezako bwino. Mwati chimfine chinakuyambani Lamlungu, Lachiwiri mutayezetsa anakupezani ndi Covid-19, ndipo lero Lachisanu mwadzuka ndi mphamvu moti masiki yayamba kukutopetsani. Mwatinso mumakhala ndi mayi anu, omwe ndi achikulire komanso amadwala shuga. Ndiye mukufunsa kuti muivule liti. Ine ndikuti piriranibe mpaka Lachinayi likubwerali lithe, makamaka mukakhala pafupi ndi mayiwo.

Ndikufunseni kaye: kutentha thupi kwatha kokha, kapena mukumwabe panado? Ambirife timadzinamizira pamenepa. Panado ndi brufen amatsitsa kutentha thupi kwa maola angapo, munthu n'kumadziona ngati wachira, chonsecho kachilombo kadakali kalikiliki m'mphuno ndi kukhosi. Malangizo amene bungwe la CDC la ku America linatulutsa mu Marichi 2024, okhudza Covid-19, fuluwenza ndi RSV (kachilombo kena koyambitsa chimfine ndi chifuwa) pamodzi, amati wodwala akhale pakhomo mpaka atatha maola 24 thupi lisakutentha, osamwa mankhwala otsitsa kutenthako, komanso zizindikiro zina zikuchepa. Zikatero angathe kutuluka, koma kwa masiku ena 5 azisamalabe: masiki, kusamba m'manja, kutalikirana ndi anthu, kutsegula mawindo. Ndiye inu mukasiya panado lero, mawa Loweruka n'kutha bwinobwino, masiku 5 aja ayamba Lamlungu n'kudzathera Lachinayi.

Palinso kawerengedwe kena, ka masiku 10. CDC yomweyo poyamba inkati masiki ivalidwe mpaka tsiku la 10, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu Januwale 2023 linati amene ali ndi zizindikiro adzipatule masiku 10 kuchokera pomwe zinayambira. Tsiku limene munayamba kudwala silimawerengedwa, ndipo la kuyezetsa si poyambira. Kwa inu tsiku loyamba linali Lolemba, la 10 ndi Lachitatu likubwerali. Mwaona kuti njira ziwirizi zasiyana ndi tsiku limodzi lokha? N'chifukwa chake ndasankha lapatsogololo.

Ngati muli ndi tizipangizo todziyezera nokha tija, mungathe kufupikitsa. Yezani lero, mudzayezenso pakapita maola 48. Maulendo onse awiri akaonetsa mzere umodzi, mpata woti mupatsire wina wachepa kwambiri ndipo masiki mungaivule. Koma chenjerani ndi kamzere kachiwiri kotuwa kaja, kamene munthu umachita kupita nako pawindo n'kumakapendeketsa kuti ukaone bwino. Mtima umafuna kunena kuti palibe. Kakaoneka, kaya n'kozimiririka bwanji, ndiye kuti kachilombo kalipo. Za PCR, njira yoyezera ya ku labotale ija, musadzivute nazo pa nkhaniyi, chifukwa imatola ngakhale zidutswa za kachilombo kakufa kale, ndipo ena imawapezabe nako mpaka miyezi itatu atachira.

Chimene chandilembetsa zambiri chonchi ndi mayiwo. Masiku amene mabungwewa amatchula ndi a munthu wamba wokumana ndi anthu wamba. Munthu wachikulire, wa shuga, wa mtima, wa mphumu, mayi woyembekezera, khanda, kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika, kachimfine kamene inu kangokugonekani masiku atatu iye kangamugoneke m'chipatala. Choncho musaganize kuti masiki imachoka tsiku limodzi paliponse. Mukakhala nokha m'chipinda, vulani, pumani bwino. Panja pomwe mphepo ikuwomba ndipo anthu ali patali, palibe vuto. Komwe ikufunika kwenikweni ndi m'chipinda cha mayi, m'galimoto yotseka mawindo, ku ofesi yothinana, ndi kuchipatala. Ndipo malo amene anthu amaiwala ndi pa chakudya. Tsiku lonse munthu wavala masiki mokhulupirika, madzulo n'kuivula, n'kukhala moyang'anizana ndi amene akumuteteza uja kwa theka la ola, akudya, akuseka, akutsokomola. Masiku otsalawa idyani panokha, kapena khalani patali pafupi ndi windo.

Ine zinandionekerapo. Tsiku la 6 ndinadzimva kuti ndachira, ndinaponya masiki m'bini n'kuyamba kucheza ndi aliyense m'nyumba. Patangopita masiku awiri, pakhosi panayambanso kukanda, usiku thupi n'kutentha. Nditayeza, mizere iwiri yakuda bii. Matendawa amatha kubwereranso chotero, kaya munthu anamwa mankhwala olimbana ndi Covid-19 monga Paxlovid kaya ayi. Zikakuchitikirani, kawerengedwe konse kayambirenso: khalani pakhomo, dikirani maola 24 aja, kenako masiku 5.

Masiki yakenso ikhale yogwira ntchito. Ya N95 kapena KN95 imateteza kuposa yabuluu ya kuchipatala ija, ndipo yabuluuyo imaposa yansalu. Ikanyowa ndi mpweya kapena mamina, sinthani. Yolendewera pansi pa mphuno, kapena yosiya mpata m'masaya moti magalasi akuchita nthunzi, ndi yongokongoletsa nkhope. Ana osakwana zaka ziwiri musawaveke.

Mwina Lachinayi lidzakupezani mukutsokomolabe. Chifuwa chouma chimatha kukakamira milungu ingapo kachilombo katapita kale, chifukwa njira za mpweya zimachedwa kupola, ndiye chokhacho si chifukwa chovalira masiki mpaka kalekale. Komabe ine ndikanakhala inu, ndikanaivalabe polowa m'chipinda cha mayi mpaka chifuwacho chitaphwa. Chikapitirira milungu iwiri chisakusintha, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku kapena mukuonda, pitani akakuyezeni TB. Ndipo ngati inuyo chitetezo chanu n'chotsika, kaya chifukwa cha mankhwala a khansa kapena matenda ena, masiku ndatchulawa sakukwanirani. Anthu otere amatha kufalitsa kachilombo masiku 20 kapena kuposerapo, ndiye tsiku lovulira mugwirizane ndi adokotala anu.

Kubanika popuma, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu kapena milomo kusintha mtundu, zimenezo musafunsenso pano, thamangani kuchipatala. Mayinso muziwayang'anitsitsa sabata ikubwerayi. Akangoyamba kukanda kukhosi, kufooka kapena kukana kudya, musadikire kuti tione mawa. Apititseni akayezedwe tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala olimbana ndi Covid-19 amayenera kuyambidwa pasanathe masiku 5, ndipo a fuluwenza amagwira bwino akayambidwa mkati mwa maola 48. Shuga wawonso muziwayeza pafupipafupi, matenda otere amamukweza.