Felemu ikalira ngati chitini, kodi ndi yofooka?

Owerenga ena anditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndagula njinga yopepuka kwambiri, koma ndikagogoda paipi ya felemu pakati imalira ngati chitini. Kodi andipusitsa?"

Mtima m'malo akulu, kulira kokhako si umboni. Mutang'amba paipi ya felemu yabwino yachitsulo m'litali mwake, mungaone kuti kunsonga zonse ziwiri ndi yochindikala, pakati ndi yopyapyala: mwachitsanzo mamilimita 0.9 kunsonga, 0.6 pakati. Kunja sizioneka, kusiyanaku kuli m'kati. Kampani ya Reynolds ya ku Birmingham inalembetsa luso limeneli mu 1897. Iwo anaona kuti pakati pa paipi sipavutika kwenikweni. Mavuto ambiri amakhala polumikizira, pomwenso moto wowotcherera umafooketsa chitsulo.

Ndiye kugogodako kusiyeni. Gadamitsani njingayo, muipukute bwino, muyang'anitsitse kunsi kwa paipi yaikulu yotsetsereka, pomwe yakumana ndi kapaipi kolowa foloko. Muyang'anenso pomwe mapaipi asonkhana pa mapedulo. Powotcherera mwaluso pamakhala timizere tondondozana bwino, popanda timabowo kapena zibuluma. Penti ikachita makwinya kapena kutukumuka kunsi kwa paipi ija, dziwani kuti njingayo inaombapo chinthu ndi teyala lakutsogolo, ngakhale wogulitsa alumbire chotani. Kamzere kakuda kosachoka mukapukuta, kakhoza kukhala mng'alu.

Simunanene kuti felemu yanu ndi yanji. Ngati ndi ya aluminiyamu, mng'alu musaseweretse. Aluminiyamu ndi yopepuka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chitsulo, komanso ndi yowetuka katatu, n'chifukwa chake mapaipi ake amawapanga onenepa. Imatopa ndi kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku, ndipo ikayamba kung'aluka siichedwa. Aluminiyamu ya mtundu wotchedwa 6061 ikawotchereredwa imafunika kuiphikanso mu uvuni wapadera kuti mphamvu zibwerere, zomwe wowotcherera wamba alibe. Ine felemu yotereyi sindingaikwerenso.

Chitsulo chimapirira, chimachenjeza chisanathyoke, ndipo chimakonzeka. Chimene chimachimaliza ndi dzimbiri la m'kati. Madzi amalowera pa kapaipi ka chishalo n'kukakhazikika pansi, penti kunja ili waliwali. Zulani chishalo, muunike m'paipimo ndi tochi. Mukaona zofiirira zoyoyoka, umitsanimo ndi kuthiramo mafuta oteteza dzimbiri. Ngati kunsi kwa posonkhana mapaipi pa mapedulo paja kuli kabowo kotulutsira madzi, katokoseni ndi waya kasatsekeke ndi matope.