Chala chaterereka pa foni, ulendo wa ku Joni wafufutika

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi ena a ku Luchenza. Mwana wawo amene amagwira ntchito ku Joni adawagulira tikiti ya ndege yopita ndi kubwerera, yonyamukira ku Chileka, kuti akaone mdzukulu amene wangobadwa kumene. Usiku wina ankafuna kusintha mpando pa app ya kampani ya ndegeyo, netiweki ikuduladula monga imachitira kwathu kuno mvula ikamagwa, ndipo adadina kawiri batani lomwe sadalimvetse. Kutacha adapeza uthenga woti ulendo wathetsedwa. Akufunsa kuti: "Kodi ndalama zapita? Nanga mwanayu ndimuuza chiyani?"

Mayi, mwanayo muuzeni lero lomwe. Manyazi asakuchedwetseni, chifukwa ndalama zikamabwezedwa zimabwerera kumene zidachokera, ku khadi la amene adalipira, ndipo kampani idzafuna kulankhula ndi iyeyo.

Musanalire, onetsetsani chimene mudathetsa. Pa ma app ambiri pali mabatani awiri oyandikana: lina lolembedwa "cancel check-in", lina "cancel booking". Loyambalo si loopsa, limangofufuta kachikalata kokwerera ndege, ndipo mukhoza kuchitanso check-in popanda kulipira kanthu. Lachiwirilo ndiye limabweza mpando wanu kwa kampani kuti augulitse kwa wina.

Ngakhale mudadina lachiwirilo, nkhani sinathe. Mpando ndi tikiti ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Mu imelo imene mwana wanu adalandira pogula muli manambala awiri. Yaifupi, ya zilembo ndi manambala 6, ndi ya malo amene adakusungirani m'ndege. Yaitali, ya manambala 13, ndiyo tikiti yeniyeni, ndalama zanu zili mmenemo. Nthawi zambiri munthu akathetsa ulendo, yaifupiyo ndi imene imafa, koma tikiti imakhalabe yosagwiritsidwa ntchito, ndipo matikiti ambiri a maulendo akunja amakhala ndi moyo kwa chaka chimodzi. Wantchito wa kampani akhoza kukubwezerani pa ndege yomweyo ngati mipando ya mtengo umenewo ikadalipo. Ikatha, mumawonjezera ndalama, mwinanso ndi chindapusa chosinthira. Zimawawa, koma si zofanana ndi kugula tikiti ina.

Ndiye ngati app ikukuonetsani batani lopempha kubwezeredwa ndalama, lisiyeni kaye. Mukangolidina iwo nkuvomereza, tikiti imatsekedwa, sidzukanso. Imbani foni, kapena ngati mungathe kwerani minibasi mupite ku ofesi yawo ku Blantyre, mukanene mosabisa kuti kudali kulakwitsa ndipo mukufuna kubwezeredwa pa ulendo womwewo. Ine ndimakhulupirira kwambiri kuonana maso ndi maso; kuyembekezera pa foni kumadya mayunitsi ngati mbuzi m'munda wa chimanga.

Mwalemba kuti mnzanu wa ku tchalitchi wakuuzani kuti pali lamulo loti munthu amabwezeredwa zonse ngati sipanathe maola 24. Lamulolo lilipodi, koma ndi la dziko la America. Limagwira pa maulendo opita kapena ochokera kumeneko, ngati tikiti idagulidwa kukadali masiku 7 kapena kuposerapo ndege isananyamuke, ndipo maolawo amawerengedwa kuchokera pamene mudagula, osati pamene mudalakwitsa. La ku Ulaya, lomwe amalitchula 261 la 2004, limateteza munthu pamene kampani ndiyo yalephereretsa ulendo. Kuchoka ku Chileka kupita ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Joni, malamulo awiriwa sakukhudzani. Chimene chimalamula ndi malamulo a mtengo wa tikiti imene mudagula, aja olembedwa tizilembo ting'onoting'ono amene tonse timawadumpha. Tikiti yotsika mtengo kawirikawiri imakhala yosabwezedwa. Koma ngakhale pa yotereyo, funsani za misonkho ya pa bwalo la ndege: ina imabwezedwa ngati munthu sanakwere, kungoti sakubweretserani pakhomo mukapanda kupempha.

Choopsa kuposa zonse ndi kukhala chete mpaka tsiku la ulendo lidutse. Ngati kwapezeka kuti mpando wanu ukadalipo koma inu simunafike pa bwalo, amakulembani kuti simunabwere, ndipo makampani ambiri amafufutiratu ndi ulendo wobwerera womwe.

Palinso nkhani ya kumene mwana wanu adagula. Ngati adagula kwa ejenti kapena pa webusaiti ina yogulitsa matikiti a makampani osiyanasiyana, a ndege adzakutumizani komweko, ndipo ejentiyo akhoza kudulapo yake. Ndalama zobwezedwa sizifika mawa; zimatenga masabata. Kwa amene adalipira mu makwacha pali vuto linanso. Tonse tikukumbukira November 2023 pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mitengo ya ndege imatsatira dola, choncho ndalama zimene angakubwezereni mwezi wamawa mwina sizingagulenso tikiti yomweyo. Nchifukwa chake ndikukakamira kuti mupemphe mpando, osati ndalama.

Jambulani uthenga wa pa foniwo, nthawi yake ioneke, ndipo lembani dzina la aliyense amene mwalankhula naye ndi tsiku lake. Akakulonjezani ndalama nkumakuzengerezani, dandaulo mukhoza kukalitula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limamva madandaulo a ogula. Akakubwezerani mpando, musachoke pa kauntala asanakutumizireni imelo yatsopano, ndipo muwerenge kuti maulendo onse awiri, wopita ndi wobwerera, alembedwamo ndi masiku ake.