Kansalu kako kakuchepa pakati chifukwa ukukoka

Halo... eya, yayamba kujambula. Mwaswera bwanji nonse pa gulupu pano? Ine ndili bwino, kungoti kuno ku Pietermaritzburg kwazizira moti zala zikuchita kuuma. Ndikuyankha mwana wa achimwene amene watumiza chithunzi m'mawa uja. Ndati ndingolankhula, kulemba pa foni kumanditopetsa. Enanu ngati sizikukukhudzani dumphani, koma pasapezeke wonena kuti azakhali atalikitsa, mumandidziwa kale.

Iwe mwanangu, wafunsa kuti bwanji kansalu ukuluka pa katoni kaja kanayamba bwinobwino pansi, koma pakati kakungochepa mpaka kakuoneka ngati mtondo. Ndaseka, usakwiye. Ndaseka chifukwa kanga koyamba kanali chimodzimodzi, mwinanso kuposa pamenepo. Katoniyo alibe mlandu, ndipo usapite kukavutitsa bambo ako kuti akugulire chimango cha kusitolo. Ndi dzanja lako. Ukukoka.

Tamvera bwino. Pali ulusi uja unamanga poyamba, woimirira, wochoka pamwamba kufika pansi. Ndiye pali wamitundu uja ukulowetsa ndi singano, wopingasa. Wopingasawu suyenda chowongoka ayi. Umakwera pamwamba pa ulusi umodzi, n'kutsikira pansi pa wina, kukwera, kutsika, mpaka kutsidya. Ganizira msewu wotsetsereka kuchoka ku Blantyre kupita kwathu ku Chikwawa. Ukaima pamwamba paja Shire umamuona pafupi, koma minibasi imazungulira mpaka kutopa. Ulusinso ndi choncho. Kansalu kako kakakhala masentimita 10 m'lifupi, ulusi wa masentimita 10 sukwana. Ukaukoka kuti uwongoke, woperewerawo umakautenga m'mbali, ndiye ulusi wam'mphepete umalowa mkati pang'ono. Mzere umodzi suona kanthu. Ikafika mizere 30, mtondo uja wabadwa.

Ndiye uzichita chonchi. Ukadutsitsa singano, ulusiwo usaugonetse pansi. Usiye utakhota ngati uta. Kenako ndi nsonga ya singano udine pakatikati, utawo ugawike pawiri, udinenso pakati pa mbali iliyonse, mpaka ukhale ndi timitumbira ting'onoting'ono ngati m'munda wa mbatata. Pamenepo m'pamene utenge foloko, ya kukhitchini yomweyo, utsindire pansi. Uona wekha kuti ulusi umaoneka wochuluka uja walowa wonse, palibe wotsala.

Potembenuka kumapeto kwa mzere, tsina ulusi wam'mphepetewo ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ugwire mpaka utamaliza kudutsitsa. Wamitunduwo ungoukumbatira mnzakewo, osauthina pakhosi. Komanso usalekerere kwambiri, chifukwa m'mbali mudzatuluka timakutu. Jambula mizere iwiri ndi cholembera pa katoniyo, kumanja ndi kumanzere, pomwe kansaluko kanayambira. Ikakwana mizere isanu, yang'ana ngati ukadali pa mzere. Maso okha amanama, tenga lula ya kusukulu ija, poti mayeso a MSCE munamaliza ikungokhala.

Tsopano nkhani yowawa. Pomwe pachepa kale sipabwerera. Kusita sikuthandiza, kukoka ndi manja sikuthandiza, kuviika m'madzi ndiye usayese. Masula. Bwerera mzere ndi mzere mpaka pomwe m'mbali munali mowongoka, uyambirenso pamenepo.

Ine anandichita zimenezi ndi agogo ndimawasamalira kunowa. Iwo ndi amene anandiphunzitsa, manja awo atayamba kunjenjemera. Ali ndi kachimango kamatabwa kofanana ndi buku la nyimbo, kolowa m'chikwama, ndipo ndimakatenga tikamapita ku chipatala, poti pa mzere paja umakhala maola. Koyamba ndinaluka madzulo anayi, ndikunyadira. Nditawaonetsa anangovala magalasi, kuyang'ana, kutenga singano, n'kuyamba kusolola ulusi wanga umodziumodzi osanena kanthu. Mayo ine! Ndinapsa mtima, ndinapita kukatsuka mbale zotsuka kale. Nditabwerako anandigwira dzanja, kuika uta uja, n'kunena kuti ulusi upatse malo. Basi, mawu ake anali omwewo.

Dikira kaye ndithimitse ketulo... eya.

Ndaonanso china pachithunzipo. Ulusi woimirira wagwiritsa wa juzi. Umenewo umatamuka ngati legeni, nchifukwa chake ukugonja msanga ukaukoka. Peza wa thonje wopota bwino, ngati uja amalukira tinsalu ta pa mipando, kapena wosokera matumba. Uyese ndi manja, ukakana kuduka ndi umenewo. Pomanga ukunge ndithu, ukaukhudza uzimveka kulimba, ndipo onse alimbe mofanana, wina asakhale lende. Katoni mmodzi adzapindika, ndiye mata awiri kapena atatu, mizere yamkati ija ipingasane. Ukadzaona kuti wazikonda, kalipentala aliyense akhoza kukukhomera timatabwa tinayi ndi timisomali pamwamba ndi pansi, ntchito ya mphindi zochepa.

Mipata nayonso. Zimango zambiri za kusitolo zimaika ulusi 8 pa inchi imodzi, ndiye kuti pafupifupi utatu pa sentimita. Koma poti iwe wopingasa wako ndi wa juzi, wonenepa, dula katoniyo theka la sentimita lililonse. Pa ntchito iyi ulusi woimirira suyenera kuoneka ngakhale pang'ono, wamitundu ndi umene umaphimba zonse, ndipo chithunzi chimachokera pamenepo. Ukaona timadontho toyera tikusuzumira ngakhale watsindira ndi foloko, dziwa kuti mipata yachepa kapena wamitunduwo wanenepetsa.

Za ulusi usawononge ndalama. Pita pa kaunjika, sankha majuzi otchipa amitundu ukufunayo, umasule. Koma tembenuza kaye uone msoko. Likakhala lodulidwa ndi sizasi n'kusokedwa ndi makina m'mbali, lisiye, lidzakupatsa tizidutswa tokhatokha, mzere uliwonse kaulusi kake. Funa loti mbali zake analuka payokhapayokha n'kulumikiza. Ukamasula umatuluka wopotanapotana ngati tsitsi longomasula kumene. Ukulunge kumsana kwa mpando, umange malo anayi kuti usasokonekere, uviike m'madzi ofunda, uyanike pamthunzi utapachikako kanthu kolemera pang'ono. Ukauma uwongoka.

Wanenanso kuti ukufuna kuluka mlambe ndi phiri kumbuyo dzuwa likulowa. Iii, mwana iwe, wayamba ndi mutu wa njovu! Chabwino, koma dziwa zinthu ziwiri. Mitundu iwiri ikakumana pa mzere woimirira, ngati m'mbali mwa thunthu la mlambe, wina amatembenukira kwake, winanso kwake, ndiye pakati pamatsala mng'alu. Si kulakwitsa, ndi mmene zimakhalira. Ukakhala waufupi usiye, ukatalika udzasoke kumbuyo ndi ulusi wamba. Anzathu odziwa amangogoneka chithunzicho cham'mbali, mtengo n'kuulukira chogona, pomaliza n'kutembenuza. Chachiwiri, yamba ndi chinthu chomwe chikuchepa pokwera. Phiri liyambe, thambo libwere pambuyo kudzadzaza m'mbali. Ukayamba thambo, limadzatseka pamwamba, ndipo pansi pake foloko silowanso. Dzuwa lozungulira ndiye lovuta kuposa zonse, chifukwa pa ntchito imeneyi chokhota chilichonse chimapangidwa ndi timasitepe. Ukaliyang'ana pafupi limaoneka ngati makwerero, ukaima patali m'pamene limazungulira. Ine ndikanakhala iwe, ndikanaluka kaye mizere yamitundu itatu, kenako kaphiri kamodzi kosongoka, mlambe n'kudikira mwezi wamawa. Ujambule papepala ndi cholembera chakuda, ulowetse kuseri kwa ulusi woimirira, uzitsatira.

Chaka chatha ana a agogowa anatitenga kupita ku Rorke's Drift, kufupi ndi Dundee, m'chigawo chomwechino cha KwaZulu-Natal. Kumeneko kuli malo a zaluso a mpingo wa Lutheran, anayamba m'zaka za m'ma 1960 ndi banja la ku Sweden, Peder ndi Ulla Gowenius. Asanafike kumeneko ankaphunzitsa ntchito zamanja odwala pa chipatala cha mishoni ku Ceza, ndipo komweko anakumana ndi Allina Ndebele, amene anadzakhala katswiri wodziwika dziko lonse la South Africa pa nsalu zazithunzizi. Nsalu za kumeneko ndi zazikulu, zina zodzaza khoma, anthu, ng'ombe, nyumba, nkhani yathunthu. Ukudziwa chimene ine ndinachita? Anthu akuyang'ana zithunzi, ine ndinapita m'mphepete kukayang'ana m'mbali. Mowongoka ngati chitseko! Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka anachita kundiitana kuti galimoto ikunyamuka. Ndipo njira yake ndi yomweyi ukuchita pa katoni, pamwamba, pansi, kutsindira.

Amalume ako aja analemba pansi pa chithunzi chako kuti izi ndi za azungu. Achimwene, pepani, ndikutsutsani pagulu. Livingstone atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota okha ulusi, akuomba okha nsalu, ndipo oomba ambiri anali amuna. Zinadzazilala nsalu za kunja zitachuluka. Zoika zithunzi zopachika pakhomazi, eya, zinabwera, koma kuomba nsalu ku Chigwa cha Shire si kwachilendo. Thonje mpaka lero tikulima ku Ngabu, timangoligulitsa lonse osasiyako lopota.

Ndatsala pang'ono. Ukafika pamwamba usalukire mpaka kumapeto kwa katoni, siya ulusi woimirira wotalika ngati chala chako, kuti upeze pogwira. Dula uwiriuwiri, kumanga mfundo nthawi yomweyo, osadula wonse kamodzi, kangakumasukire m'manja. Michira ya ulusi wamitundu ikhale kumbuyo, uilowetse ndi singano pansi pa inzake. Singano yake ikhale yobuntha, yakuthwa imaboola ulusi woimirira. Ngati uli ndi yosokera matumba yokha, ikhule pa simenti nsongayo ife. Kenako kamtengo kansungwi pamwamba, kachingwe, pakhoma.

Ndiye masula lero lomwe, usagone nako. Ukaluka mizere 20 unditumizire chithunzi, lula ili pamwamba pake, ndione manambala ndekha. Ndipo alamu, foloko imodzi ikasowa m'kabati musakalipire ana ena, ndine ndamutuma. Agogo akundiitana uko, nthawi ya mankhwala yakwana. Mupereke moni kwa amayi, muwauze ndiimba Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi.