Funsani Azakhali: “Akuti ndinagulitsa maliro a apongozi anga”

Masiki ambiri tinawaiwala kale pansi pa sutikesi, koma makalata amene ndikulandira kuno ku Kasungu akundiuza kuti m'mabanja mliri wa kolona uja sunathe. Mwezi uno ndasankhapo atatu. Yoyambayi ndakhala nayo masiku angapo ndisanayankhe.

*Azakhali, ndine namwino, ndinakwatiwa chitengwa mbali ya ku Chamama. Mu Januwale 2021 apongozi anga aamuna anayamba chifuwa ndi kutentha thupi. Kunyumba ankati ndi malungo, ankawafukiza masamba a bulugama ndi kuwamwetsa mandimu ndi jinja. Tsiku lachisanu nditawapeza akulephera kumaliza mawu chifukwa chobanika, ndinachita hayala galimoto ndi ndalama zanga n'kupita nawo kuchipatala. Anawapeza ndi kolona, patatha masiku atatu anatisiya. Maliro anafika bokosi lili lokhomera kale, onyamula anali ovala zoyera aja, ndipo amene anaimirira kuuza abale kuti tisatsegule ndine. Chiyambire tsiku limenelo alamu anga aakazi sandipatsa moni. Akuti ine ndi anzanga tinawalembera bambo awo matenda oti sanadwale kuti tidyepo ndalama, ena akuti mwinanso m'bokosi munalibe munthu. Pano fodya wagulitsidwa, mwezi wamawa tikumanga chiliza. Ya simenti amuna anga apereka, koma ine alamuwo andiuza kuti ndisapondeko. Amuna anga angoti “zisiye”. Ndipite mokakamiza kapena ndikhale? Ndine mtengwa wosweka mtima, Chamama.*

Mwana wanga, ndiyambe ndi mawu amene unayenera kuwamva kalekale kuchokera kwa amuna ako: sunalakwe. Munthu amene akudukiza mawu chifukwa chobanika, bulugama sangamuthandizenso. Kolona akalowerera m'mapapo magazi salandiranso mpweya wokwanira, ndipo iwe ukudziwa ngati ine kuti ena amakhala akucheza bwinobwino pamene kachipangizo kopana chala kaja kakuonetsa kuti mpweya watsika kale. Chimene apongozi ako ankafuna usiku umene uja chinali mpweya wa m'silinda, ndipo kumudzi kulibe silinda.

Ukumbukirenso mwezi umene anadwalira. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi matenda omwewa. M'zipatala masilinda ankatha odwala ali pamzere, mpaka anthu wamba anayamba kusonkherana pa Facebook kuti agule ena. Katemera anali asanafike. Woyamba anatera ku Lilongwe pa 5 Malichi. Apongozi ako anadwala pa nthawi yoipitsitsa, ndipo iwe unachita chimene mwana wawo wobereka akanayenera kuchita.

Za ndalamazo ndinazimva ndekha m'minibasi kuchokera ku Chinkhoma, mayi wina akulumbira kuti anamwino amalandira ndalama pa mtembo uliwonse wa kolona. Ndinagwira unamwino mpaka kupuma, ndipo ndalama ya mtembo sindinaionepo. Koma ndikudziwa kumene mkwiyowo unachokera. Anthu anamva pawailesi za K6.2 biliyoni ya kolona, anamvanso kuti kafukufuku wapeza kuti ina inasakazidwa. Amene anaisakaza, munthu wakumudzi sangakumane nawo pamjigo. Amene angakumane naye ndi iwe, wa yunifomu, amene amakuona ukutsika kabaza madzulo. Anaiwala kuti mu Epulo 2020 anamwino ndi madokotala omwewa ananyanyala ntchito chifukwa analibe ngakhale zodzitetezera.

Tsopano ndikuuze mbali imene mwina sukufuna kumva. Alamu ako akunama pa za ndalama, koma pa za ululu wawo sakunama. Taganiza zimene analandidwa. Sanasambitse bambo awo. Sanagone pasiwa kuimba mpaka tambala. Adzukulu, amene kwathu kuno ndiwo eni manda, anangokumba n'kuimirira patali, alendo osaoneka nkhope n'kutsitsa bokosi. Ndipo chachikulu, sanaone nkhope. Mchewa akapanda kuona nkhope, mtima wake sumvomera kuti munthu wapitadi. Ine achemwali anga anamwalira mu Julaye chaka chomwecho cha 2021, nawonso bokosi lokhomera. Ndi maphunziro anga onse, kwa miyezi ingapo ndinkalota ali gone muwodi akundidikira kuti ndiwapititsire phala. Ngati zinandichitikira ine, nanga mlamu wako amene chipatala amachidziwira pawindo lolandirira mankhwala?

Ndinenenso chilungamo ngati mnzako wa ntchito. Choopsa chenicheni pa maliro a kolona sichinali mtembo kwenikweni, chifukwa wakufa satsokomola. Choopsa chinali siwa: anthu makumimakumi m'nyumba imodzi yotseka mawindo, kuimba ndi kulira usiku wonse, agogo ali pakati. N'chifukwa chake boma linkati pamaliro pasapitirire anthu 50. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ankalola abale kuona nkhope ataima chapatali, osakhudza. Koma m'malo ambiri tinakhomera mabokosi osapereka mpata umenewo, chifukwa nafenso tinali ndi mantha ndipo tinali titatopa. Iwe unatsatira zimene zinalipo tsiku limenelo, sindikukuimba mlandu. Ndikungoti pamene alamu ako akulira kuti sanatsanzike, usawayankhe ndi sayansi. Uwauze “pepani”, pepani wa pamaliro, osati wa munthu wogwidwa ndi mlandu.

Ndiye upite kapena ukhale? Usapite mokakamiza. Tsiku la chiliza pamakhala anthu, mowa ndi misozi, ndipo mawu amodzi olakwika adzakumbukiridwa kuposa chilizacho. Koma usakhalenso chete kunyumba, chifukwa ukasowa tsiku limenelo adzati “mwaona, chikumbumtima chamuletsa”. Nkhaniyi ikambidwe chiliza chisanafike, ndipo woyenda nayo si iwe. Amuna ako atenge ankhoswe anu apite kwa mwini mbumba, apemphe kuti banja likhale pansi, anthu ochepa, apongozi ako aakazi alipo ngati ali moyo.

Pamenepo usapite ndi mtsutso. Upite ndi chinthu chimodzi chimene iwe uli nacho ndipo iwo alibe: masiku atatu omaliza a bambo awo. Iwe unawaona. Uwauze anavala chiyani, anafunsa za ndani, anakwanitsa kumwa chiyani, anatisiya nthawi yanji, ndani anawatseka maso. Ngati unaona nkhope asanakhomere, unene momveka kuti “ndinawaona ndi maso angawa, anali iwowo”. Buku lawo lakuchipatala ulitenge, koma likhale m'chikwama mpaka wina atalifunsa. Ndaonapo mabanja amene chaka chonse ankafuna zimenezi basi, koma m'malo mofunsa ankatukwana.

Kwa amuna ako, uwawerengere ndime iyi. Bambo, “zisiye” wanuyo akusenzetsa mkazi wanu mtolo wa kwanu. Galimoto ija inanyamula bambo anu, ndipo ndalama ya hayala inachoka m'thumba mwake. Alongo anu amva inu msanga kusiyana ndi mtengwa. Chibale ndi fupa, sichiola, musaope kuti mukawadzudzula ubale utha.

Akakanabe, mwana wanga, tumiza ufa ndi nkhuku yako monga mtengwa aliyense amachitira, iwe ukhale. Pakapita masabata angapo upemphe kwa amfumu kuti akulowetse kumanda pamodzi ndi amuna ako, ukaone chiliza cha apongozi ako. Nawenso sunalire maliro aja, unali pantchito.

*Azakhali, ndine mlangizi wa zaumoyo mbali ya ku Santhe. Chaka chino takhala tikuyenda khomo ndi khomo ndi katemera wa poliyo. Amayi ena akangoona kabokosi kanga ka katemera amatengera ana kudimba, ena amatseka chitseko ali m'nyumba momwemo. Akuti ndi katemera wa kolona tamusintha dzina, akuti anawo sadzabereka. Chimene chikundiwawa n'chakuti ndi amayi omwewa amene ndakhala ndikuwayezera ana kusikelo zaka zonsezi. Njinga yanga yatha matayala, mayi akunyumba akuti ndingosiya ndizilima soya. Ndichite bwanji? Ndine mlangizi wotopa, Santhe.*

Bambo mlangizi, soya limani ndithu, koma ntchitoyi musaisiye. Kumudzi kwanuko chipatala ndi inuyo ndi njinga yanu yakutha matayalayo.

Amayiwo sakuda inu. Chiyambire mliri wa kolona amva zambiri pa WhatsApp ndi m'misika kuposa zimene ife tinawafotokozera, ndipo pa nthawi ya kolona tinkawalamula kwambiri, kuwafotokozera pang'ono. Ndiye ayankheni funso limene ali nalo mumtima, lomwe ndi lomveka ndithu: bwanji mwadzidzidzi mukubwera pakhomo, komanso kangapo, pamene mwana analandira kale wa kusikelo? Yankho lilipo. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, koyamba m'dziko muno chichokere 1992. Lilongwe ndi pafupi, minibasi za pa M1 zimapita ndi kubwera tsiku lililonse. Kachilombo kake kamayenda kudzera m'chimbudzi cha munthu, kulowa m'madzi ndi m'zakudya. Ana ambiri amene akatenga saonetsa chizindikiro chilichonse koma amapatsira anzawo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 200 amafa ziwalo osachiranso. Mwana mmodzi wopuwala akaoneka, ndiye kuti ambiri akuyenda nako. Madontho aja sagwira mokwanira ulendo umodzi mwa mwana aliyense, makamaka amene amatsegula m'mimba pafupipafupi, n'chifukwa chake mumabwereza.

Aonetseninso kusiyana ndi maso: wa kolona ndi jakisoni wa paphewa ndipo ana a sikelo sapatsidwa, uyu ndi madontho awiri mkamwa, omwe aja amayiwo analandira ali makanda. Ndipo iwowo si awa abereka?

Koma pakhomo si pamalo pokambira zonsezi. Mayi ambiri amene akutsekerani chitseko, mwamuna wake anachoka m'mawa atamuuza kuti “ndikamva kuti mwana wadonthezedwa uona”. Mukulimbana ndi munthu amene alibe chilolezo chovomera. Pitani kumene kuli abambowo, pabawo, pagolosale, pa msonkhano wa kalabu ya fetereza. Pemphani amfumu aitanitse anthu, ndipo woyamba kudonthezedwa pamaso pa onse akhale mwana wanu kapena mdzukulu wa amfumuwo. Muitanenso agogo awiri kapena atatu ayankhule. Aliyense wa msinkhu wanga amakumbukira mnzake wa kusukulu amene ankakwawa kapena kuyendera ndodo chifukwa cha poliyo. Amayi achitsikanawa sanaonepo, n'chifukwa chake akuopa madontho kuposa matenda.

Wokana musamuopseze ndi apolisi, ndipo kusikelo mwezi wotsatira mumulandire ngati kale. Akadziwa kuti simunamusungire kumtima, ulendo wachitatu adzatsegula yekha. Za matayala, lembani kalata kwa okuyang'anirani, musamangodandaula pakamwa. Mayi akunyumbawo akunena chifukwa amakuonani mukufika osafuna ngakhale nsima, choncho muziwafotokozerako za tsikulo, zabwino zomwe.

*Azakhali, amayi anga ali ndi BP ndi shuga. Chimwalirire mnzawo wakutchalitchi m'chipatala nthawi ya kolona, anasiya kukatenga mankhwala. Akuti kuchipatala n'kokafera, ndipo akumva bwino. Ndiwasiye? Ndine mwana wodandaula, Nkhamenya.*

Ayi mwana wanga, usawasiye, ndipo usadikire mwezi wamawa. BP siwawa. Munthu amalima, amapita kutchalitchi, mpaka m'mawa wina adzuka mbali imodzi yafa. Shuga nayenso amadya maso, impso ndi mapazi mwakachetechete. “Ndikumva bwino” si muyeso.

Usawatsutse za mnzawo uja, mantha awo ali ndi pochokera. Uwauze kuti upita nawo iweyo, mukaima limodzi pamzere, ndipo mukabwerera limodzi tsiku lomwelo. Ngati chipatala chachikulu chikuwaopsa, yambirani chaching'ono chapafupi akangowayeza BP. Utenge buku lawo ndi timapepala ta mankhwala akale kuti adokotala aone zimene ankamwa, koma mapiritsi otsala a chaka chatha asayambe kumwa asanayezedwe. Muli komweko ufunse za katemera wa kolona, chifukwa achikulire a BP ndi shuga ndiwo matendawa ankawatenga kwambiri. Pamzere avale masiki.

Ngati akanabe, imbira a Chipatala Cha Pa Foni, amene amapereka uphungu wa zaumoyo pafoni, uwapatse foni amve kwa munthu wina osati mwana wawo. Ndipo ukadzaona kamwa yapotoka, dzanja limodzi lalefuka kapena lilime likulemera poyankhula, usadzawafunse maganizo, udzapeze galimoto nthawi yomweyo.